Mathithi a Victoria mu Okutobala: Tikaonere Mbali Iti?

FUNSO: Mayi anga akhala akunena kuyambira kalekale kuti akufuna akaone mathithi a Victoria ndi maso awo miyendo isanayambe kuwakana. Tchuthi changa chili mu Okutobala, koma anzanga akuti nthawi imeneyo madzi amakhala ataphwa, tikangoona miyala. Kodi n'zoona? Nanga tikaime mbali ya Zambia kapena ya Zimbabwe? Ndine mwana wawo wachisamba.

YANKHO: Achimwene, anzanuwo sananame, koma nkhani sanaimalize. Zambezi saphwa. Mathithiwa ndi otambalala mamita oposa 1,700, ndipo phompho lake pozama kwambiri limafika mamita 108. Mu Okutobala ndi Novembala mtsinje umachepa, madzi n'kutsalira kumadzulo, moyang'anizana ndi Zimbabwe. Kum'mawa, mbali ya Zambia kumene amati Eastern Cataract, kumatsala thanthwe lakuda, madzi akungoyenderera apo ndi apo.

Choncho ngati tchuthicho sichingasunthe, apititseni mayi ku Zimbabwe. Kumeneko madzi a pa zigawo za mathithi zotchedwa Main Falls ndi Devil's Cataract amagwa chaka chonse, ndipo njira yoyendamo alendo ndi yosalala, yodutsa m'nkhalango yobiriwira imene imamwa nthunzi ya mathithiwo. Lawirirani m'mamawa, chifukwa dzuwa la Okutobala kumeneko silichita masewera. Madzi akumwa ndi chipewa musaiwale.

Ine mwezi umenewu sindiunyoza. Mu Epulo, madzi akadzaza, nthunzi imakwera kumwamba n'kumagwanso ngati mvula yamkuntho. Ukaima pa kamlatho ka Knife-Edge, mbali ya Zambia, umanyowa mpaka zovala zam'kati, mnzako akamalankhula umangoona milomo ikugwedera, mathithi enieniwo osawaona bwino. Achinyamata zimawasangalatsa, koma kwa munthu wamkulu pansi poterera paja mpoopsa. Mu Okutobala mayi akaona phompho lonse mpaka pansi. Mukadakhala ndi mwayi wosankha, ndikadati Juni kapena Julayi: madzi akadali ambiri, nthunzi yachepa, kunja kukuzizira bwino.

Mlatho wolumikiza mayiko awiriwa, umene unamalizidwa mu 1905, musausiye. Tengani mapasipoti, ndipo pachipata mukafunse chiphaso chongofikira pamlatho. Mukaima pakati pake, mwendo wina uli ku Zambia wina ku Zimbabwe, mtsinje ukuwinduka pansi pamtunda wa mamita oposa 100. Mukafuna kuwolokeratu, tauni ya Livingstone ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo ili ndi nyumba yosungiramo zakale momwe muli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene anafika pamathithiwa mu 1855.

Ziwiri ndikukuletsani. Ena akakukopani za Devil's Pool, dziwe la m'mphepete mwenimweni mwa phompho limene anthu amasambamo madzi akachepa. Ngati inuyo mtima ukufuna, pitani ndi operekeza ovomerezeka, koma mayi ayi. Njira yotsikira ku Boiling Pot, dziwe la kumunsi kwa mathithi kumene madzi amazungulira ngati akuwira, nayonso ndi yotsetsereka kwambiri, pobwerera ngakhale anyamata amapumira m'mwamba.

Ndipo chenjerani ndi anyani a kumalire kuja. Anazolowera anthu, akangoona jumbo m'manja amatsomphola. Chakudya cha mayi muike m'chikwama chotseka, chikwamacho munyamule ndinu.