Digiri ya biomedical engineering: udokotala kapena kukonza makina?

Mwandilembera imelo kuti mukufuna kuphunzira biomedical engineering ku yunivesite. Makolo anu akuti ndi udokotala, pomwe anzanu akuti mudzangokhala wokonza makina a m'chipatala akawonongeka. Funso lanu ndi lakuti: cholinga cha digiriyi n'chiyani, ndipo munthu amatulukako akudziwa chiyani?

Onsewo aphonya, ngakhale anzanuwo ayandikirako pang'ono. Iyi ndi digiri ya uinjiniya. Simudzalembera wodwala mankhwala kapena kuchita opaleshoni, koma mudzapanga, kuyesa ndi kusamalira zida zomwe dokotala amadalira. Godfrey Hounsfield, yemwe makina ake a CT, ojambula m'kati mwa thupi, anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, anali injiniya wa zamagetsi, koma mu 1979 analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala.

Zaka zoyamba ndi masamu ambiri, makamaka calculus, kenako physics, chemistry, zamagetsi, kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndi kuphunzira mmene thupi limagwirira ntchito. Ngati masamu mumadana nawo, ganizirani bwino musanalembetse.

Luso lenileni limaoneka pa zinthu ngati ECG, makina ojambula kagundidwe ka mtima ngati mzere pa sikirini. Mtima ukamagunda umatulutsa magetsi ochepa kwambiri, pafupifupi millivolt imodzi akafika pakhungu. Pomwepo mawaya a magetsi a m'chipindamo akuponya phokoso (magetsi osokoneza muyeso) la 50 kapena 60 hertz, wodwala akupuma, mwinanso akunjenjemera. Inu muyenera kukulitsa kachizindikiro ka mtimako n'kusefa phokosolo. Koma mukasefa mopitirira, mumapotoza kagawo ka mzere kotchedwa ST, komwe dokotala amayang'ana pofuna kudziwa ngati magazi akulephera kufika mu mnofu wa mtima. Mzere umaoneka woyera bwino pa sikirini, koma ukunama. Amene amadziwa zamagetsi zokha sangaone vutolo. Amene amadziwa thupi lokha sangalikonze. Digiriyi imafuna kutulutsa munthu wodziwa mbali zonse ziwiri.

N'chifukwa chake chitetezo amachiphunzitsa mokakamira. Pakati pa 1985 ndi 1987, makina ochizira khansa otchedwa Therac-25 anawombera odwala radiation (cheza champhamvu) yochuluka kwambiri chifukwa cha cholakwika mu pulogalamu yake, ndipo ena anamwalira. Mudzamva za malamulo ngati IEC 60601, okhudza chitetezo cha zida zamagetsi zachipatala, ndi ISO 13485, okhudza kuonetsetsa kuti zida zachipatala zikupangidwa mwa ndondomeko yabwino. Amatopetsa kuwerenga, sindikunamizani, koma olemba ntchito amafunsa zimenezi.

Palinso luso lomwe ophunzira amalipeputsa: kumvetsera. Namwino amene amagwiritsa ntchito pampu yolowetsera mankhwala m'mitsempha usiku wonse adzakuuzani batani lomwe limasokoneza anthu akatopa, zomwe simungazipeze mu labotale. Kulemba lipoti lomveka ndi kugwira ntchito pagulu n'zofunikanso, ndipo pulojekiti ya chaka chomaliza imayesa zimenezi.

Chofooka cha digiriyi n'chakuti imakhudza zambiri pang'onopang'ono. Kampani yofuna wopanga ma circuit (njira zomwe magetsi amayendamo m'zida) ikhoza kusankha amene anachita electrical engineering m'malo mwa inu. Choncho pofika chaka chachitatu sankhani mbali imodzi yoti muzamepo: zojambula m'thupi ngati MRI ndi ultrasound, ziwalo zopanga monga miyendo yoikirira, mapulogalamu, kapena clinical engineering, yomwe ndi yoyang'anira zida m'chipatala.

Musanasankhe yunivesite, funsani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi bungwe la mainjiniya, ngati ophunzira amagwira zida zenizeni mu labotale, komanso kuti amatumizidwa kukaphunzira ntchito m'chipatala kapena m'kampani kwa miyezi ingati.