Kuyeza kusintha kwa gombe la Nyanja ya Chilwa ndi zithunzi za setilaiti

Funso: Akonzi, ndikufuna kupanga mapu osonyeza mmene madzi, bango ndi minda ya mpunga zasinthira m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa. Ndiyambire pati? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Yambirani pa zithunzi za masetilaiti a Landsat, zomwe zimapezeka mwaulere pa webusaiti ya EarthExplorer ya USGS, bungwe la boma la America. Kuchokera mu 1984, kadontho kamodzi pachithunzi kamaimira malo a mamita 30 mbali zonse, omwe ndi mahekitala 0.09. Setilaiti ina, Sentinel-2, imaona mpaka mamita 10, koma idayamba mu 2015, choncho singakuonetseni mmene nyanjayi idaphwera mu 1995. Zithunzi za Landsat 7 zojambulidwa Meyi 2003 atadutsa muzipewe, chifukwa zili ndi mizere yopanda kanthu yobwera kaamba ka kachipangizo komwe kadawonongeka.

Pamene ambiri amagwa ndi pa kusankha mwezi. Chilwa ndi yosaya, ndipo gombe lake limasuntha kwambiri pakati pa dzinja ndi chilimwe. Mukafanizira chithunzi cha Epulo ndi cha Novembala, mudzati nyanja yachepa pomwe ndi nyengo chabe. Tengani mwezi umodzimodzi chaka chilichonse. Ife timakonda Juni kapena Julayi, utsi wa moto wolusa usanachuluke, koma onetsetsani kuti mitambo ya chiperoni sidaphimbe gombe.

Mu QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu, ikani zonse pa UTM 36S, dongosolo loyezera malo pamapu la dera lino. Pali njira ziwiri zowerengera kuwala kwa pachithunzi: MNDWI imasiyanitsa madzi ndi mtunda, NDVI imaonetsa zomera. Pophunzitsa kompyuta kugawa malo a pachithunzi m'magulu, maguluwo asachuluke: madzi oonekera, dambo la bango, minda, matope ouma ndi midzi.

Kompyuta imasokonezeka pa zinthu zitatu. Madzi omwe ali pansi pa bango saoneka, ndiye nyanja imatuluka yaing'ono kuposa mmene ilili. Malo opsa ndi mthunzi wa mtambo zimada ngati madzi. Mpunga ndi bango zimabiriwira mofanana, ndipo apa pafunika chithunzi chachiwiri chojambulidwa anthu atakolola: munda umasanduka wofiirira, dambo limakhalabe lobiriwira.

Mukatero pitani ku doko la Kachulu pa nyanjayi ndi GPS ya pafoni, mulembe malo pafupifupi 50 pa gulu lililonse. Imani pakati pa munda kapena dambo, osati m'malire, chifukwa kadontho ka m'malire kamasakaniza zonse. Ena mwa malowo musawagwiritse ntchito pophunzitsa kompyuta. Muwasunge kuti muyesere ngati mapu anu akunena zoona.