Za chiliza cha amayi anu ku Dedza

Achemwali a ku Mufakose, pepani ndi maliro a amayi, ngakhale papita zaka. Mwati amayi anabwerera kumudzi ku Dedza atakalamba, anamwalira mu 2021 malire ali otseka chifukwa cha Covid, ndipo palibe mwana wawo wa kuno ku Harare amene anaponyako dothi m'manda. Tsopano mukufuna kumanga chiliza koma pakhomo panu simukumvana. Achimwene anu akuti mungotumiza ndalama akumudzi amange, ang'ono anu akuti mwambo uchitikire kutchalitchi konkuno, pamene atsibweni kumudziko akuti popanda mowa ndi gule ndiye kuti palibe chachitika. Mukufunsa kuti mumvere ndani.

Langa ndi lakuti pitani. Ngati thumba silikulola nonse, sankhani mmodzi kapena awiri, koma phazi la mwana wa malemu liponde m'mudzimo. Ndalama zimamanga chiliza, inde, koma sizitseka pakamwa pa anthu pachitsime, amene akhala akunena kuti mayi uja anabala koma anaikidwa ngati wosabala. Mudzi waung'ono suiwala. Aliyense amadziwa amene anagona pa siwa, amene anatola nkhuni, amene anapereka matabwa a bokosi, ndi amene sanaoneke. Akudziwa kuti nthawi ija njira inali yotseka ndipo sakukuimbani mlandu, koma malirewo anatseguka kalekale.

Ntchito yaikulu ya ulendowu ndi kukathokoza. Ife akuno tinazolowera kuti maliro amayendetsa ndi a kampani ya maliro: galimoto yawo, tenti yawo, mipando yawo, ife n'kumangolipira mwezi ndi mwezi. Kumudzi kulibe zimenezo. Thupi la amayi anu analisambitsa ndi amayi anzawo, ndi manja awo, pa nthawi imene aliyense ankaopa matenda. Manda anakumba ndi adzukulu, mwina m'matope ngati inali nthawi ya mvula. Panali mabanja amene anatapa ufa m'nyumba zawo kuti obwera kudzalira adye. Anthu amenewa ali ndi mayina. Musanachoke kuno, afunseni atsibweni kapena azakhali akuuzeni kuti ndi ndani, ndipo mukafika muwayendere khomo ndi khomo. Chitenje, sopo, shuga, mchere, zimenezo n'zokwana. Chimene akuyembekezera ndi chakuti mukhale pamphasa, mumve m'mene amayi anadwalira, mawu amene anasiya, amene anali nawo usiku womaliza. Mudzalira, ndipo iwo adzalira nanu ngati maliro achitika dzulo. Akulu anati maliro n'kulirana, ndipo inu simunalire nawo anthu amenewa.

Tsopano za manda. Kwathu manda si a banja, ndi a mfumu. Simungatsike basi n'kulunjika kumanda ndi matumba a simenti ngati mukupita kumanda a ku Harare a Granville kapena Warren Hills, kumene bola muli ndi pepala ndi nambala ya manda. Amene amakagwada kwa anyakwawa ndi mwini mbumba, ndiye atsibweni anu omwewo, atatenga nkhuku kapena kandalama ka ulemu monga mwa chizolowezi cha m'mudzimo. Mfumu ikalola ndi imene imauza adzukulu, ndipo iwo ndi amene amalambula njira, kuloza mtumbira weniweni, kututa mchenga ndi madzi. Muwaphikire nsima ya ndiwo zabwino tsiku lililonse la ntchito, musachite nawo kaso. Chinanso, m'midzi yambiri ya Achewa msitu wa kumanda ndi dambwe. Munthu wosavinidwa salowamo yekha, ndipo foni sitenga zithunzi mwachisawawa. Ana anu obadwira ku Mufakose muwauziretu zimenezi, chifukwa mlandu wake umatha mbuzi.

N'chifukwa chake ndikuti atsibweni musawadumphe ngakhale mukutsutsana nawo. Popanda iwo chilizacho sichimangika, ndipo chikamangika mokakamiza ndi iwo amene adzatsale nacho m'mudzi inu mutabwerera.

Nkhani ya mowa ndi gule ndiye yofuna mtima wofatsa. Funso si lakuti inu mumakhulupirira chiyani kapena atsibweni amakonda chiyani. Amayi anu anali munthu wa kuti? Ngati anali wa CCAP, wovala yunifolomu ya Chigwirizano, mukudziwa kuti sinodi ya Nkhoma siyanjana ndi mowa kapena Nyau, ndipo abusa ndi akulu ampingo sangaime pamanda pamene pambali pakulira ng'oma za gule. Pamenepo mwambo ndi wa mpingo: nyimbo, mawu, kuvundukula chiliza, kenako chakudya ndi thobwa wambiri. Ngati anali Mkatolika, mumapempha misa ndipo ansembe kapena akatekisi amadalitsa manda. Koma ngati anali namkungwi, kapena wa kubanja la ufumu, kapena munthu wa mwambo amene sanalowe mpingo, atsibweni akunena zoona, ndipo kumumana gule n'kumuchotsera ulemu wake. Gule wamkulu satuluka pa maliro a munthu aliyense, ali ndi eni ake.

Ndaona m'gulu lathu lino la ana a machona ena akukuyankhani kuti gule ndi za ziwanda, ena akuti mpingo ndi za azungu. Onsewo sakukuthandizani. Ife tinakula tikuona zilombo zikuvina ku Mbare, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, anzathu Achishona akuthawa n'kumakuwa kuti zvigure, ndipo ndi gule yemweyo amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Tinakulanso tikuimba nyimbo za Chichewa m'matchalitchi a sinodi ya Harare, imene yakhala mbali ya CCAP kuyambira 1965. Zonse ziwiri ndi zimene zinasunga makolo athu m'dziko la eni. Midzi yambiri inapeza kale njira yake: mpingo umachita zake tsiku lake, abale ofuna kufulula mowa wokumbukira malemu amachita zawo tsiku lina, pakhomo pawo, ndipo palibe amene amakakamiza mnzake. Mukhoza kuwauza atsibweni mwaulemu kuti inu mulipira chiliza ndi chakudya, za chimera aone okha ndi abale amene akuzifuna. Ndipo kunena zoona, pali atsibweni ena amene amati mwambo pamene akutanthauza phwando. Mudzawazindikira mukafunsa mayi wachikulire wa m'banjamo padera.

Nthawi yabwino ndi anthu atakolola, kuyambira Julayi mpaka Okutobala. Nkhokwe zimakhala ndi chimanga, anthu alibe ntchito yambiri kumunda, misewu ya kumudzi ndi youma, ndipo simenti imagwira bwino. Disembala amatikopa ife a m'tauni chifukwa cha tchuthi, koma kumeneko ndi nthawi yopalira ndi kubandira, mvula ili pakati, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala. Kuitanira mudzi kumwambo nthawi imeneyo n'kuwasenzetsa katundu. Ogasiti ndiye amatiyenera, popeza ana atsekera sukulu ndipo pali tchuthi cha Heroes, nthawi yomwe anzathu Achishona amapita kumidzi kwawo kukachita kurova guva, mwambo wawo wobweza mzimu wa malemu pakhomo. Mungofunsa kaye mfumu, chifukwa kumapeto kwa Ogasiti mafumu ambiri Achichewa amapita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Musaiwalenso mabulangete. Dedza ndi kumapiri, kumazizira.

Za ndalama, achimwene anu ali ndi mfundo pang'ono, koma musatumize zonse pakamodzi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti ndi chimanga imasintha musanamalize kuwerengera. Sungani m'madola konkuno, muzitumiza pang'onopang'ono pa Mukuru, iwo azilandira pa Airtel Money kapena Mpamba, gawo lililonse ndi ntchito yake: njerwa ndi mchenga, kenako simenti, kenako mmisiri, chakudya pomaliza. Simenti isagulidwe miyezi yambiri isanafike nthawi, imauma m'thumba. Odziwa za ndalamazo akhale awiri, mmodzi mwa iwo mzimayi. Sindikunena kuti atsibweni ndi akuba ayi. Munthu akagwira ndalama m'mudzi mwa anthu osowa, wina mwana wadwala, wina feteleza wamuthera, ndipo kukana m'bale n'kovuta. Akakhala awiri aliyense amakhala ndi pothawira.

Mwina mwaganizapo zogula mwala konkuno, ija yakuda yonyezimira imene amasema m'mbali mwa msewu cha ku Mbudzi, kufupi ndi manda a Granville. Mwala wathunthu musanyamule. Udutsa mageti anayi a malire, kulikonse mafunso ndi msonkho, ndipo m'basi ukhoza kusweka musanafike ndi ku Tete komwe. Semetsani kachidutswa kakang'ono kolowa m'chikwama, ka mwala wa ku Mutoko, kolembedwa dzina la amayi, mfunda wawo, chaka chobadwa ndi chomwalira, mmisiri wa kumudzi akakamatire pa chiliza cha njerwa. Zilembo zosema pamwala sizifufutika ngati zolemba ndi msomali pa simenti yaiwisi, komanso amayi adzakhala ndi kanthu kochokera kudziko limene anadyerako ukalamba ndi utsikana wawo. Dzinalo mulembe limene amadziwika nalo kumudzi. Ambiri mwa makolo athu ali ndi mayina a pachitupa amene analemba mzungu wa papulazi kapena kalaliki wa pamgodi, amene kwawo palibe akuwadziwa.

Pa kukula kwa chiliza ndili ndi maganizo amphamvu. Masiku ano kwabuka zomanga nyumba yeniyeni pamanda, matailosi, mpanda wa zitsulo, denga la malata, pamene pambali pake agogo amene anabala malemuwo agona pansi pa kamtumbira kophwa kokhala ndi mphika wosweka. Zimenezo anthu akumudzi amaziona, ndipo amati ana a ku Harare abwera kudzaonetsa madola. Mangani chapakati, cholimba, ndipo matumba awiri a simenti amene mwapulumutsa muikire zizindikiro pa manda a agogo ndi abale ena oyandikana nawo. Atsibweni amene mukukangana nawo lero adzafewa akamva kuti amayi awo nawonso akumbukiridwa.

Chakudya musachite kuitanitsa ophika a ganyu ochokera kuboma. Kumudzi mwambo wotere saitana ndi makadi, mudzi wonse ndi midzi yoyandikana imabwera, ndipo amayi a m'mudzimo amadziwa kuphikira khamu kuposa wina aliyense. Inu mugule chimanga chokagayitsa, mbuzi, nyemba, kabichi, mafuta, mchere ndi shuga wa thobwa. Wina akabwera ndi kambale ka ufa kapena mtolo wa nkhuni, landirani ndi manja awiri ngakhale muli nazo zambiri. Kumukaniza n'kumuuza kuti malemuwo si ake.

Pali chinthu china chimene sichidya ndalama koma ambiri timachiphonya. Tengani kope ndi cholembera. Mwambo ukatha anthu atabalalika, khalani ndi agogo aakazi amene atsala m'banjamo, mufunse kuti wagona apa ndani, anabala ndani, anachokera kuti. Mulembe, ndipo akalola muwajambule mawu pafoni. Ife ana a machona tikudziwa kuwawa kwa manda otayika. Azigogo athu anabwera kuno wapansi, ena pa malole aulere a boma otchedwa Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, n'kukagwira ntchito m'mapulazi a ku Mazowe ndi Norton, m'migodi ya Shamva ndi Arcturus. Anaikidwa kuseri kwa makomboni, chizindikiro chake mtengo kapena mwala. Mapulazi atasintha eni kuyambira 2000 anthu anabalalika, ndipo lero pali mabanja ambiri m'gulu muno amene sangaloze pamene agogo awo agona. Kumudzi manda samatayika chifukwa pali nkhalamba imene imasunga zonse m'mutu, koma nkhalambayo nayonso ili paulendo. Ngati abambo anu anagona kuno ku Zimbabwe, pemphani kuti dzina lawo litchulidwe pamwambowo, anthu a kumudzi adziwe kumene mkamwini wawo anatsalira.

Ang'ono anu nawo musawataye. Amayi anakhala zaka zambiri ku Mufakose, ali ndi anzawo a kumpingo, a ku sosayite ya maliro, oyandikana nawo nyumba Achishona amene ankabwerekana nawo mchere. Ambiri ndi okalamba, ena alibe ndi pasipoti yomwe. Mukabwerako konzani mapemphero aang'ono, kaya kutchalitchi kaya pakhomo, muwaonetse zithunzi za chiliza, amwe tiyi, anene zimene akukumbukira. Apa mpamene ang'ono anu angatsogolere, ndipo aliyense pa atatu inu akhala ndi gawo lake.

Za ulendo, mabasi a ku Malawi amadzera ku Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete. Kuchokera apo njira ina imapita ku Zobue ndi Mwanza, ya ku Blantyre, ina imakwera ku Angonia kukatulukira pa Calomue, pamene ndi pa Dedza penipeni. Pogula tikiti mufunse kuti basiyo idzera iti, chifukwa mukatsikira ku Blantyre mwadzionjezera ulendo wina wautali wobwerera kumpoto. Mapasipoti muwayang'ane lero lomwe. Ngati wina mwa inu akadali ndi chitupa chija cholembedwa kuti alien, malamulo aakulu a dziko a 2013, gawo 43, amati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe, kholo lake lili lochokera kudziko la SADC, ndipo iye ankakhala konkuno pa tsiku limene malamulowo anasindikizidwa, ndi nzika mwa kubadwa. Ayambe kusintha chitupacho, kenako pasipoti, ndipo zimenezi zimafuna nthawi. Tsiku la mwambo musalitchule kwa atsibweni mapepala a amene akupitawo asanatuluke.