Funso la "mutu wa banja ndani" lidzakusokeretsani ku Mulanje

Achemwali, mwandilembera kuti mukuchita digiri yachiwiri ku Bunda ndipo mukufuna kudzafufuza kuno ku Mulanje chomwe chimapinimbiritsa ana chonsecho amayi awo ali ndi minda. Mwafunsa poyambira.

Yambani ndi kufufuta funso lija loti "mutu wa banja ndani?" Kuno ambiri ndife Alomwe ndi Amang'anja, ukwati ndi wachikamwini. Munda ndi wa mayi, anausiyiridwa ndi amayi ake, ndipo pakabuka mlandu wa malire woyankhula ndi malume, mwini mbumba. Koma mukafunsa za mutu wa banja, mayi adzangoloza bambo ali pakhonde, inu n'kulemba, basi mwasokera. Funsani tinthu ting'onoting'ono. Nandolo anakagulitsa ndani? Ndalama yake inagona m'thumba mwa yani? Nkhuku ikaikira, dzira amadya mwana kapena limakasinthidwa ndi mchere?

Mundawonso mukauone ndi maso. Wa azakhali anga cha ku Chitakale sukwana ekala: chimanga, nandolo, chinangwa ndi khobwe zonse mothinana, kutsidya kwa malire tiyi wa esiteti ali biriwiri mpaka m'tsinde mwa phiri. Chimanga chawo Okutobala sichimufika.

Musabwere mu Juni anthu atangokolola, mudzanamizika. Bwerani Januwale kapena Febuluwale. Nthawi imeneyo tiyi amaphuka kwambiri, mayi amalawirira kukathyola kapena kukagwira ganyu, munda wake ukudikira kupalira, mwana wasiyidwa ndi kamkulu kake ndi phala la mgaiwa lopanda nsinjiro. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, koma nambalayo siikuuzani kuti mwana uja anadya kangati dzulo. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amayi amawaloweza bwino kusikelo, moti mukawafunsa adzakulakatulirani. Inu khalani pafupi ndi mafuwa muone cholowa mumphika.

Mukamafunsa zakale, gwiritsani namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 ngati chikhomo. Ambiri amakumbukira zomwe anali nazo namondweyo asanabwere.

Kalata ya kwa DC mutenge, mudzere kwa amfumu, muyende ndi mlangizi wa zaumoyo. Ndipo pakhomo lililonse nenani msanga kuti simukulemba mayina a thandizo, apo ayi mudzi wonse udzakuuzani kuti unagona ndi njala.