Ana ndi nzika, koma mayi akukana thandizo la boma

Mayi wina wokhala mumzinda wa Houston ku America wandilembera imelo. Akuti mnzake woyandikana naye nyumba, wochokera ku Guatemala, amachita ganyu yokolopa m'nyumba za anthu. Ana ake awiri anabadwira ku America komweko, chakudya chimaperewera, koma mnzakeyo safuna n'kumva komwe za SNAP, thandizo la boma logulira chakudya. "Kodi ndi kunyada?" akufunsa choncho.

Ayi achemwali, si kunyada. Ndi mantha, ndipo ali ndi gwero lake.

Mwana wobadwira ku America ndi nzika, ndipo banja likakhala lopeza zochepa atha kulandira SNAP kapena Medicaid, thandizo la boma la zachipatala, ngakhale makolo ake alibe mapepala okhalira m'dzikomo. Koma taganizani mnzanuyo atagwira cholembera, fomu ikufunsa adiresi, mayina a anthu a m'nyumbamo, ndi kumene bambo amagwira ntchito. Kwa iye kulemba zimenezi kuli ngati kulozera fisi khola.

Mantha anakula mu 2019, boma la Trump litakulitsa lamulo la public charge, lokhudza obwera m'dziko amene angamadalire thandizo la boma, kuti kulandira SNAP kapena Medicaid kuzitha kulepheretsa munthu kupeza green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Linayamba kugwira ntchito mu February 2020, n'kutha mu March 2021. Thandizo lopita kwa ana silinkawerengedwa kwa kholo, ndipo WIC, pulogalamu ya chakudya ya amayi oyembekezera ndi makanda, sinali m'gululi. Koma mphekesera sisankha. Bungwe lofufuza la Urban Institute linapeza kuti mu 2018, lamuloli likadali pakamwa chabe, wamkulu mmodzi mwa 7 alionse a m'mabanja obwera anapewa thandizo. Chimene chimandiwawa n'chakuti amene amagona ndi njala chifukwa cha zimenezi ndi ana.

Palinso zina. Lamulo la 1996 limadikiritsa zaka 5 ambiri amene ali ndi green card asanalandire thandizo. Waganyu wolipidwa pamanja alibe pepala la malipiro loti aonetse ku ofesi. Ndipo musaganize kuti aliyense wa ku Guatemala amayankhula Chisipanishi bwino, ena chiyankhulo chawo ndi K'iche' kapena Mam.

Choncho musamukakamize. Malamulowa amasintha boma likasintha, ndiye mupite naye kwa loya wa za olowa m'dziko, ku mabungwe othandiza kwaulere. Achenjere ndi odzitcha notario: kwawo dzinali ndi la katswiri wa malamulo, koma ku America notary si loya. Pakadali pano muperekezeni kumene matchalitchi amagawa chakudya, chifukwa ambiri safunsa za mapepala.