Achemwali, makobiri a agogowo musawakweche, ndipo za ma slab ndi izi

Achemwali, funso lanu ndinaliona dzulo usiku ndikuweruka ku ntchito koma ndinali nditatopa, ndiye ndinati ndiyankhe lero modekha. Mwati munabwera kuno ku UK ndi chitini cha makobiri amene malemu agogo anu ankasunga, ena obowola pakati ena a mutu wa mfumu ya ku Britain, ndipo pa eBay mwaona ma penny ofanana nawo ali otsekeredwa mu tipulasitiki tolembedwa NGC kapena PCGS akugulitsidwa mitengo yoti munthu kugwira pakamwa, ndiye mukufuna kudziwa ngati kuli bwino kuyamba kugula otsekerawo, komanso ngati anuwo mungawatsuke kaye kenako n'kuwatumiza kuti akawayese. Ine ndakhala ndikutolera ma penny akale a ku Britain kwa zaka zingapo tsopano kuno ku Leeds, ndiye ndikuuzani zomwe ndaziona ndi maso anga.

Ndiyambe ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri, zotsukazo. Chonde chonde musayerekeze. Osati ndi mandimu, osati ndi phulusa, osati ndi sitiliwulu, ngakhale kansalu kofewa komwe musapukutire. Ife tinakula tikudziwa kuti chinthu chachitsulo chimakongola chikakwechedwa ngati poto mpaka uzidziwonerapo nkhope, koma kobiri si choncho ayi, kuda kwake kuja ndi khungu lake lomwe lapangika pang'onopang'ono kwa zaka 80 kapena 100 ndipo otolera amalipira khungu lomwelo. Ine pachiyambi ndinali ndi penny ya 1912 yokhala ndi kachilembo ka H pafupi ndi chaka, ndinaiona kuti yada kwambiri ndiye ndinaiviika mu vinega usiku wonse m'mawa n'kuipukuta, inatuluka yofiirira mwa pinki ngati nyama yosaphika, ndipo nditaiyang'ana pa galasi lokulitsa pansi pa nyale ndinaona timizere tingapo tatitali todutsa pa tsaya la mfumu George V tolowera mbali imodzi, mmene chala changa chinkayendera. Mpaka lero ndikaiona mtima umandipweteka chifukwa palibe njira yoibwezera mwakale. Kobiri lotere mukalitumiza kokayesa silipatsidwa nambala ya giredi, amangolemba kuti Details, Cleaned, kutanthauza kuti ndi lenileni inde koma linaonongedwa, ndipo mtengo umagwa kwambiri.

Tsono tipulasitiki mwationato anthu a ntchitoyi amatitchula kuti slab. Makampani awiri amene ogula ambiri amawakhulupirira ndi omwe mwawatchulawo, PCGS yomwe inayamba 1986 ku California ndi NGC yomwe inayamba 1987 ndipo likulu lake lili ku Sarasota, Florida, koma ili ndi ofesi ku London konkuno pomwe PCGS ili nayo ku Paris. Iwowa kwenikweni amachita zinthu ziwiri basi, kutsimikiza kuti kobirilo si lachinyengo, komanso kunena kuti laperepeseka bwanji. Akatero amalitsekera, n'kulembapo chaka, giredi ndi nambala yakeyake ya kobiri limenelo. Giredi imayenda kuyambira 1 mpaka 70, sikelo imene William Sheldon anaiyambitsa 1949 poyesera ma cent akuluakulu akale a ku America kenako inafalikira kwina konse. Mukaona G4 kapena VG8 ndi kobiri loti lazungulira m'misika mpaka mutu wangotsala chithunzithunzi, F12 mpaka VF35 ndi pamene tsitsi ndi khutu zayamba kuoneka bwino, 40 ndi 45 ndi XF loti laperepeseka pang'ono chabe, 50 mpaka 58 ndi AU loti langokhudzidwa pang'ono pa malo otukuka, ndiye 60 kupita kumwamba ndi MS, lomwe silinagwirepo ntchito yogulira kanthu. Pa makobiri a mkuwa amaonjezeranso zilembo za mtundu, BN ngati lada la bulauni, RB ngati kufiira kwa ku fakitale kwatsala mbali ina, RD ngati likadali lofiira pafupifupi lonse. Apa ndi pamene ndalama zimathera, chifukwa penny ya chaka chimodzimodzi MS63 BN ndi MS65 RD mitengo yake imatalikirana zedi pomwe inu ndi ine tikaziika patebulo tingangoti inayo yawala pang'ono. Ine maganizo anga, poyamba musathamangire RD. Mkuwa umasinthabe mtundu olo uli mu pulasitiki makamaka nyumba ikakhala ya chinyontho ngati zambiri za kuno, ndiye mutha kulipira kufiira komwe pakatha zaka kwachepa. La bulauni losalala bwino ngati chokoleti limakhazikika, ndipo kwa ine ndi lokongola kuposa.

Chinanso chimasokoneza ongoyamba n'choti ogulitsa akale a kuno ali ndi kayesedwe kawo kopanda manambala, Fine, Very Fine, Extremely Fine, Uncirculated, ndipo dzanja lawo ndi louma kuposa la aku America, moti limene mkulu wa pa shopu kuno angalitche Extremely Fine nthawi zambiri mu slab limatuluka AU kapena kuposera apo. Kulinso ma slab ena a konkuno oyesa kuyambira 1 mpaka 100, ndiye mukaona 70 muyambe mwaona kuti walemba ndani, 70 ya pa 100 si 70 ya pa 70.

Koma mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi, slab sinena kuti kobirilo ndi losowa. Aliyense atha kutumiza kobiri lililonse bola walipira. Penny ya 1967 anapanga zoposa 600 miliyoni ndipo anthu ankasunga matumba athunthu atamva kuti ndalama zisintha pa 15 February 1971, tsiku lomwe paundi inasiya kukhala ma penny 240 n'kukhala 100, ndiye zanyuwani zilipo mbweee, koma mupeza munthu waiika mu slab akuitchula rare ndi zilembo zikuluzikulu. Pamenepo mukugula pulasitiki. Kukalamba nakonso pakokha sikukweza mtengo, ma penny a mfumukazi Victoria a bronze omwe anayamba 1860, aja amati bun head chifukwa cha mmene anamangira tsitsi kumbuyo, operepeseka amagulitsidwa mulu m'mabokosi pa car boot. Chimene chimakweza ndi kusowa kuphatikiza ndi kusungika bwino. Za Victoria chaka chovuta kupeza ndi 1869. Za George V yang'anani m'munsi kumanzere kwa chaka, mukaona ka H ndiye kuti linapangidwa kwa Heaton ku Birmingham, zilipo za 1912, 1918 ndi 1919, mukaona KN ndi King's Norton, za 1918 ndi 1919, ndipo ma KN osungika bwino ndi odula ndithu. Za George VI zosowa ndi 1950 yomwe anapanga 240,000 zokha ndi 1951 yomwe anapanga 120,000. Ndipo ngati mukufuna kusonkhanitsa chaka ndi chaka musadzivute kusaka 1923, 1924, 1925 kapena 1941, 1942, 1943, zaka zimenezo kulibe penny ya ku Britain yolembedwa choncho.

Ya 1933 ija aliyense amaimva, ndikuuzeni kuti musataye nayo tulo. Chaka chimenecho mabanki anali ndi ma penny ambiri kale ndiye Royal Mint, fakitale ya boma yopanga makobiri, sinapange zoti zizungulire, inangopanga zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zina zosunga ku museum zina zokwirira pansi pa miyala ya maziko a nyumba zatsopano. Imodzi inakwiriridwa pa tchalitchi cha St Cross ku Middleton kuno ku Leeds ndipo inabedwa cha mu 1970, ine ndimadutsako nthawi zina ndipo sindilephera kuikumbukira nkhaniyi. Ndiye wina akakuonetsani 1933 pa Facebook akuti anaipeza mu sutikesi ya agogo, dziwani kuti ndi yokopera kapena ndi 1935 yomwe wina wasema 5 kukhala 3. Ma H ndi ma KN nawonso anthu amamatapo. Apa ndiye pamene slab ili ndi phindu lenileni, pa makobiri amene achinyengo amawakonda komanso pamene mukugula kwa munthu amene simungamuone. Ine lamulo langa ndi loti la ndalama zochepa ndimagula losatsekera n'kudalira maso anga, sikelo yaing'ono ndi galasi, penny yeniyeni ya bronze imalemera pafupifupi magalamu 9.4 ndipo m'mimba mwake ndi pafupifupi mamilimita 31, koma la ndalama zoti zitatayika ndingalire ndimafuna likhale loyesedwa.

Ndiye poti achinyengo sagona, ma slab enieniwo amawakoperanso. Musanalipire tengani nambala ili pa lebulo mukailembe pa webusaiti ya NGC kapena PCGS, onse awiri ali ndi malo otsimikizira ndipo n'zaulere. Koma musangoona kuti nambala yatuluka basi n'kusangalala, chifukwa wakuba amatenga nambala yeniyeni n'kuiika pa pulasitiki yake, ndiye ngati pali chithunzi fanizirani kobiri lenilenilo, kadontho kali pafupi ndi mphuno, kachipsera ka m'mphepete, zigwirizane. Wogulitsa akabisa nambala kapena akakana kutumiza chithunzi chooneka bwino cha mbali zonse ziwiri, musiyeni, makobiri sakutha. Pa webusaiti pomwepo pali chiwerengero cha makobiri a chaka chimenecho omwe anayesedwapo pa giredi iliyonse, chimathandiza koma musachikhulupirire mopitirira, anthu amaswa slab n'kutumizanso kobiri lomwelo kufuna giredi yokwera ndiye limawerengedwa kawiri.

Za mtengo, zomwe mwaona pa eBay ndi zomwe anthu akupempha, osati zomwe akulandira. Sankhani pomwe pamaonetsa zogulitsidwa kale muone ndalama zomwe zinalipiridwadi. Onaninso zotsatira za okushoni kwa Spink, Noonans, Baldwin's, London Coins kapena Heritage ya ku America, zambiri zili poyera. Kungoti pa okushoni mtengo womwe nyundo yagwera si womwe mulipire, amaonjezera gawo lawo pafupifupi 20 peresenti kapena kupitirira, kenako positi, ndiye werengerani zonse musanakweze dzanja. Ndipo ngati mungathe pitani ku chionetsero cha makobiri, Coinex imachitika ku London chaka ndi chaka, ku York nakonso kumakhala china, mukagwire ma slab ambiri osagula kanthu. Mukaika ma MS63 awiri pamodzi mudzaona nokha kuti lina ndi lokoma m'maso lina lili ndi mawanga akuda pomwe nambala ndi imodzi. Mudzaonanso kuti ma penny a George V oyambira 1911 kufika cha mu 1926 kumbuyo kwake kumaoneka mthunzi wa mutu wa mfumu mozungulira Britannia, mayi wokhala pansi amene amajambulidwa kumbuyoko, ndipo Britannia mwiniyo amakhala ngati wafufutika, kumeneko si kuperepeseka ayi, mutuwo unali wakuya kwambiri umakoka chitsulo podinda, mpaka anausintha mu 1926. Zimenezi sungaziphunzire pa foni.

Tsono tibwere ku chitini cha agogo. Obowolawo mukawayang'ana mwina mupeza ena olembedwa Southern Rhodesia ndi ena Rhodesia and Nyasaland a nthawi ya chitaganya, kuyambira 1955 mpaka 1963, penny yake ili ndi njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowo, ya hafu ili ndi akadyansonga. Mwinanso muli penny ya Malawi yeniyeni ya 1967 kapena 1968 kwacha isanabwere mu 1971. Ndikuuzani chilungamo ngati mlongo wanu, ambiri a amenewa ngati anayenda m'manja mwa anthu mtengo wake ndi wochepa, ndipo ndalama yoyesetsa, kuphatikiza positi ndi inshuwalansi, ingapose kobiri lenilenilo kangapo. Ndikudziwa kumudzi kumamveka mphekesera zoti ndalama zobowola azungu akuzigula mamiliyoni, ndipo ena agulitsa mbuzi kulipira anthu oti akawapezere ogula, zimandiwawa chifukwa msika woterowo kulibe, mitengo yake ili poyera aliyense atha kuiona. Koma kunena kuti musawayesetse sindikutanthauza kuti ndi achabe. Kobiri limenelo agogo anagulira mchere, mwina analimanga pa nsonga ya chitenje popita ku tchalitchi, ine langa la njovu la 1957 lomwe amayi anandipatsa sindingaligulitse olo wina atabwera ndi chani, ndipo silili mu slab.

Chomwe mungachite madzulo ano, yalani thaulo patebulo, muwatulutse mu chitinimo limodzilimodzi mukugwira m'mphepete osati pankhope, chifukwa thukuta la chala limasiya chidindo pa mkuwa chomwe sichichoka. Lomwe lili ndi zobiriwira ngati ufa muliike palokha lisakhudzane ndi anzake. Enawo muwaike mu timaenvelopu ta makobiri kapena ma flip, timatumba tapulasitiki toonekera, opanda PVC, chifukwa a PVC aja ofewa onunkha ngati chidole chatsopano amatulutsa mafuta obiriwira omwe amadya mkuwa. Kenako jambulani mbali zonse ziwiri pafupi ndi windo masana osayatsa flash, makamaka a George V muonetse bwino pomwe pali chaka, muike zithunzizo pansi pa yankho langali tione limodzi ngati muli ka H kapena KN.