Kodi sitima yaikulu imakwera bwanji pamchenga n'kubwereranso m'madzi?

Mmodzi wa owerenga watitumizira imelo kufunsa kuti: "Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima zinkafika bwanji mpaka pagombe kukatsitsa akasinja popanda doko, osakakamira pamchengapo?"

Sitima yomwe mukunenayo ndi LST (chidule cha Landing Ship, Tank, kutanthauza sitima yotsitsa akasinja pagombe). Inali yotalika pafupifupi mamita 100, yam'munsi mwaphwatalala, ndipo America inapanga zoposa 1,000. Kumutu kwake kunali zitseko ziwiri, zikatseguka pankatsika chitsulo chonga mlatho, akasinja n'kumatuluka okha.

Chinsinsi chagona pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi matanki a madzi a m'mimba mwa sitimayo. Pakati pa nyanja ankawadzaza kuti ilemere, isamagwedezeke kwambiri ndi mafunde. Poyandikira gombe ankapopa madziwo, mutu n'kupepuka mpaka kumira pafupifupi mita imodzi yokha, kumbuyo mamita atatu.

Chachiwiri, chomwe ambiri sachidziwa, ndi nangula wakumbuyo. Ankamuponya sitima ikadali m'njira, chingwe n'kumamasuka uku ikupita kumtunda. Chingwecho chimagwira matako a sitima kuti mafunde asaipotoze n'kuigoneka chopingasa pagombe, poti ikatero basi, mafunde amaimenya m'nthiti mpaka kuiwononga. Katundu akatsika, makina amakulunga chingwe chija, sitima n'kudzikokera m'madzi. Mukafulumira kuponya nangulayo chingwe chimatha musanafike, mukachedwa chimafupika ndipo nangula sagwira pansi.

Koma mdani wamkulu ndi gombe lenilenilo, komanso kukwera ndi kuphwa kwa madzi kwa tsiku ndi tsiku, komwe pa nyanja yathu ya Malawi sitikuona. Ku Tarawa, zilumba za m'nyanja ya Pacific, pa 20 Novembala 1943, madzi sanakwere monga ankayembekezera. Maboti ang'onoang'ono a America otchedwa Higgins, onyamula asilikali 36 lililonse, anakakamira pa matanthwe a pansi pa madzi. Anyamata anatsika n'kuyenda mamita mazanamazana madzi ali m'chifuwa, mfuti m'mwamba, zipolopolo za Ajapani zikuvumba. M'masiku atatu asilikali a America pafupifupi 1,000 anafa, ndipo zimandiwawa kuti chenjezo la madziwo linalipo.

Ku Normandy, m'dziko la France, mu Juni 1944 vuto linali lina: gombe ndi lathyathyathya kwambiri, moti LST inkagunda pansi ikadali kutali ndi mtunda. Poyamba ankatsitsira katundu pa ziphaka zachitsulo zotchedwa Rhino. Kenaka anayamba kungoikhazika pamchenga, madzi akaphwa magalimoto n'kutuluka pouma, sitima n'kudikira maola angapo kuti madzi obwerera aiyandamitse.